Mmene Bambo Anga Anagawira Mudzi Mapiritsi Awo

Bambo anga sankadwala. Kapena ndinene kuti sankavomera kuti akudwala. Malungo ankawatcha kutopa, chifuwa ankati ndi fumbi la fodya, ndipo dzino lina litawavutitsa analizula okha ndi pulayala ya njinga, n'kupita kumunda tsiku lomwelo. Zaka zawo palibe ankazidziwa bwinobwino. Pa anzawo onse amene anabatizidwa nawo limodzi kunali kutatsala atatu, ndipo mwa atatuwo mmodzi yekha ndi amene ankathabe kufika kutchalitchi wapansi.

Nthawi imeneyo ine ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Kasungu Boma, iwo ndi amayi ali kumudzi kwa Njombwa. Mvula yoyamba itagwa, anthu ali mkati mowokera fodya, amayi anabwereka foni kwa aneba n'kundiimbira. Sanataye nthawi ndi malonje.

"Abambo ako asiya kuvala chipewa."

Wina akanaseka, koma ine ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Chipewa chimenecho ankachivula kutchalitchi ndi pamaliro basi. Nditafika Loweruka ndinachipeza chili pamsomali, mwini wake atakhala pakhonde, nkhope ili gwa. Amayi ndi amene anandifotokozera, iwo akungoyang'ana kumbali ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina. Mutu unkawapweteka cham'mbali, pafupi ndi khutu, ndipo khungu la kumutu silinkafuna kukhudzidwa ngakhale ndi chipeso. Akayamba kutafuna, nsagwada zinkatopa chakudya chisanathe, mpaka anasiya chimanga chokazinga chomwe ankachikonda. Ndipo tsiku lina akuwokera, diso lakumanzere linangoti bii, mdima wokhawokha, kenako n'kuyeranso.

"Linali dzuwa," anatero bambo.

"Kunali mitambo tsiku limenelo," anayankha amayi.

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo ndinatengera bambo omwewo. Tinakangana mpaka nkhuku zinathawa pakhomo, koma Lolemba m'mawa anali pabenchi ya chipatala ku Boma, atavala jekete la kutchalitchi.

Tinapeza adokotala achinyamata, odekha, amene bambo anangowaona n'kundinong'oneza kuti, "Kodi akuluakulu ake ali kuti?" Adokotalawo anamvetsera zonse, kenako anagwira ndi chala pambali pa mutu, pomwe panali mtsempha wotupa, wolimba ngati luzi. Bambo anakuwa kuti "Mayo!" Chibadwire ndinali ndisanawamvepo akukuwa. Adokotala anawatenga magazi, anatsegula buku lina lalikulu, anatuluka kukafunsa anzawo, ndipo atabwerera anatiuza kuti mitsempha ya magazi ya m'mutu yatupa, njira ya magazi yachepa. Mtsempha wopita kudiso ukatsekeka, diso limafa, ndipo likafa silidzukanso. Anati matendawa saoneka kawirikawiri, ndipo amagwira anthu okalamba kwambiri.

"Ndiye mukuti ndakalamba?" anafunsa bambo.

"Ayi agogo, ndikuti mwakula," anayankha adokotala, ndipo ndinadziwa kuti ameneyu kwawo analeredwa bwino.

Za imfa bambo sankaziopa, koma za maso anazimva. Iwo anali katswiri wosankha fodya. Anthu akakangana m'chigafa kuti tsamba ili ndi la gulu liti, ankawaitana iwo, ndipo akalitembenuza kawiri padzuwa n'kunena mtundu wake, nkhani inkathera pomwepo. Ankakonda kunena kuti kulima fodya amalima aliyense, koma kusankha kumafuna maso. Choncho atamva kuti diso likhoza kufa, anakhala tsonga, n'kuyamba kumvetsera ngati mwana wa sukulu.

Adokotala anawapatsa timapiritsi ting'onoting'ono toyera, dzina lake puredinisoloni. Ankayenera kumwa khumi ndi awiri m'mawa uliwonse atadya, ndipo pakapita nthawi adokotala azichepetsa pang'onopang'ono. Anabwereza katatu kuti asadumphitse tsiku, ndipo asasiye mwadzidzidzi ngakhale atamva kuti achira, chifukwa thupi limazolowera, ndipo matenda amabwerera ndi ukali. Anatichenjezanso kuti kwa munthu wamkulu chonchi mankhwalawa ali ndi zovuta zake: amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafewetsa mafupa, amadzetsa njala, ena amawasokoneza khalidwe. N'chifukwa chake tinkayenera kumabwera kudzawayeza.

Ine, pokhala mphunzitsi, nditafika kumudzi ndinatenga kalendala ya kutchalitchi n'kulemba nambala ya mapiritsi pa tsiku lililonse ndi bolopeni yofiira. Ndinawauza kuti akamwa azichonga. Ndinawafunsa mafunso kuti ndione ngati amva, ndipo anakhoza onse. Ndinabwerera ku Boma mtima uli m'malo, ndikudziyamikira kuti makolo anga anachita mwayi kukhala ndi mwana wophunzira.

Patapita masabata awiri ndinapitanso, ndipo munthu amene ndinamupeza sindinamuzindikire. Chipewa chinali chitabwerera pamutu. Masaya anali atatuluka, nkhope yozungulira, yosalala, makwinya atachepa. Anandilonjera ali pamwamba pa chigafa, akumanga udzu.

"Tsikani, ababa! Adokotala anati mafupa anu!"

"Mafupa anga ali kuno, ndabwera nawo," anayankha.

Amayi anandikokera kukhitchini. Iwo ndi amene anali ataonda.

"Mwana wanga, amenewa si mankhwala, ndi njala yoika m'pepala. M'mawa phala, likatha akuti mbatata, mbatata zikatha akufunsa ngati kulibe mkute. Tambala asanamalize kulira, iwo ali kale ndi khasu, akundidzutsa kuti dzuwa latuluka. Latuluka kuti? Ndiye kulankhula! Lamulungu anawapatsa pemphero lotsekera, anapempherera mvula, boma, amasiye, misika ya fodya, mpaka abusa anachita kuyambitsa nyimbo."

Ndinaseka mpaka misozi, n'kuwauza kuti walira mvula walira matope. Njinga imene inakhala kudenga zaka zisanu bambo anali ataitsitsa, n'kuimata machubu, ndipo ankayenda nayo kukaona anzawo odwala. Mu Januwale tinapita kukayezetsa, adokotala anakondwa, anachepetsa mapiritsi, ndipo poona kuti misewu yakwathu nthawi yadzinja ndi yovuta, anatipatsa okwanira miyezi iwiri. Linali thumba la pulasitiki lodzaza bwino.

Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimene ndinkachidziwa bwino lomwe, koma sindinachiganizire. Zimenezo zinali zaka za makuponi a feteleza wotsika mtengo. Makuponi sankakwanira mabanja onse, ndiye kwathu anthu anapangana kuti amene walandira asadye yekha. Thumba likafika ankalitsegula poyera, n'kuligawa ndi mbale, banja ili mbale zakuti, banja ilo mbale zakuti, mpaka thumba lipepuke n'kulikung'untha. Amene ankagwira mbaleyo chaka ndi chaka anali bambo anga, chifukwa anali mkulu wa mpingo ndipo dzanja lawo silinkapendekera kwa abale. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chinthu chochokera ku boma sichikhala cha munthu mmodzi, dzina lolembedwa pamwamba ndi la wokatenga chabe. Munthu ameneyo ndi amene ine, ndi maphunziro anga onse, ndinamusiyira thumba lodzaza ndi mapiritsi a boma.

Chakumapeto kwa Febuluwale, fodya atayamba kuuma m'zigafa, amayi anaimbanso. Ulendo uno anangoti, "Bwera."

Ndinapeza bambo ali gone pamphasa m'nyumba, ofooka, atasanza kawiri m'mawa umenewo. Akati adzuke, chizungulire chinkawabweza. Mutu unali utayambiranso. Ndinayang'ana kalendala, masiku onse anali ochongedwa bwinobwino mpaka tsiku lomwelo. Ndinafunsa thumba la mankhwala, amayi anandipatsa. Linali lopindidwa mwaudongo, mkati mulibe kanthu.

"Mapiritsi ali kuti?"

"Anatha," anatero amayi.

"Anatha liti?"

"Lero ndi tsiku lachinayi."

"Anatha bwanji? Amayenera kufika kumapeto kwa Malichi!"

Amayi anayang'ana bambo, bambo anayang'ana denga.

"Nanga anthu ankabwera," anatero amayi. "Tikanawabweza?"

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Woyamba anali mmodzi mwa anzawo a ubatizo aja, wa mawondo otupa, amene anawaona akudutsa panjinga n'kutsala kukamwa yasa. Anabwera kudzafunsa kuti, "Achimwene, mwadya chiyani?" Bambo anamupatsa pang'ono, ndipo patapita masiku atatu mawondo anapepuka. Mbiri inawanda. Anabwera alamu awo amasiye, anabwera mwini ngolo wa kutsidya kwa dambo, anabwera amayi a chigwirizano, mpaka Lamulungu likatha pemphero pakhonde pathu pankakhala mzere. Bambo sankagawa mwachisawawa ayi. Ankayeza ndi chitsekero cha botolo, chomwe timathirira feteleza paphando, munthu aliyense chitsekero chimodzi chosasefukira. Ataona kuti thumba likupepuka, anayamba kudzichepetsera okha, poti iwo anali atachira kale pamene anzawo ena sanalandireko.

"Nanga kalendalayi munkachongeranji?"

"Unati ndizichonga tsiku lililonse," anayankha ali gone. "Sindinadumphitse."

Ndinatembenukira amayi kuti mwina andithandize kukalipa, koma ndinaona akukonza mpango umene unali wokonzeka kale.

"Amayi, nanunso?"

"Awiri okha. Msanawu. Koma mwana wanga, amagwira ntchito."

Ndinapsa mtima, ndipo pansi pa mkwiyowo panali mantha. Bambo, amene ine mwana wawo wamkazi ankakonda kunditcha Mayi, anatsegula maso n'kundiuza ndi mawu awo a paguwa, ngakhale anali ofooka: "Mayi, kupatsa n'kuika."

"Chabwino," ndinatero. "Ndiuzeni komwe munaikako, ndikatenge."

Ndinaimba kaye kuchipatala, ndipo mwamwayi adokotala aja analipo. Anati ngati pali mapiritsi otsala paliponse amwe nthawi yomweyo, ndipo tifike nawo tsiku lomwelo. Choncho ndinanyamuka ndi nsapato zanga za kusukulu m'matope a Febuluwale, khomo ndi khomo, kukalanda nkhalamba za m'mudzi mwathu mankhwala. Amayi ndi amene ankanditsogolera, chifukwa mayina onse anali nawo pamtima.

Agogo a mawondo aja poyamba anakana kuti alibe. Nditawauza kuti mnzawo akhoza kuchita khungu, anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kabotolo ka fodya wa m'mphuno. Munali mapiritsi asanu ndi limodzi, onse atasanduka ofiirira.

"Ndimasungira nthawi yodinda mabelo a fodya," anatero mwamanyazi. "Pamafunika mphamvu pajeke paja."

Alamu a bambo amasiye aja anali asanamweko ngakhale limodzi. Anawamanga pamfundo ya chitenje, ndipo anati chiwamangireni, chiuno chinasiya kupweteka. Anamasula mfundoyo ndi mano, akudandaula kuti tsopano chiyambiranso. Mayi wina wa chigwirizano anati iye sadziwa kusunga, anamwa onse tsiku limodzi, ndipo tsiku limenelo anasesa bwalo lonse la tchalitchi yekha, n'kukazira ndi nyumba ya abusa osatumidwa. Anandifunsa ngati ndabweretsa ena.

Mwini ngolo ndiye anandimaliza. Nditamufunsa, anandilozera kukhola.

"Ine ndili bwino, aphunzitsi. Koma ng'ombe yakumanzereyi inkaonda. Ndinawasinja n'kuthira m'madeya."

"Munapatsa ng'ombe mankhwala a bambo anga?"

"Theka lokha," anatero, n'kulowa m'nyumba kukatenga otsalawo. Atatuluka anaona nkhope yanga, ndipo osafunsa anayamba kumanga ng'ombe pagoli.

Aliyense amene ndinamupeza ndinamuuza, mokweza kuposa mmene mwana amayenera kulankhulira akuluakulu, kuti mankhwalawo si a aliyense, ndipo amene wamwa akaonekere kwa alangizi a zaumoyo. Ena anagwedeza mutu, ena ndikudziwa ankati mwana wa akulu ampingo sukulu inamuwonjezera umbombo. Ndinabwerera kunyumba ndi mapiritsi odzaza chikhatho, ena onunkha fodya, ena onunkha sopo. Ndinapukuta oyera bwino n'kuwamwetsa bambo ndi phala. Kenako tinawagoneka pamatiresi m'ngolo, ng'ombe yomwa mankhwala ija ikukoka kumanzere, mpaka kumsewu wa tala komwe tinapeza minibasi.

Tili m'ngolomo ndinawafunsa za maso.

"Ndikuona," anatero.

"Onse awiri?"

"Ndati ndikuona. Uwo si munda wa aphunzitsi opuma aja? Fodya wachedwa kudulira."

Munda umenewo unali kumanja kwa msewu, koma ine sindinaganizepo kanthu. Ndinkafuna kukhulupirira, ndiye ndinakhulupirira.

Kuchipatala adokotala anamvetsera nkhani yonse osaseka, ngakhale pa ng'ombe paja ndinaona milomo yawo ikuvutika. Anawayeza kuthamanga kwa magazi, anati kwatsika kwambiri chifukwa chosiya mwadzidzidzi. Kenako anakhala moyang'anizana nawo, n'kuwauza kuti aphimbe diso lakumanzere. Anaimika zala.

"Ziwiri," anatero bambo. Zinalidi ziwiri.

"Tsopano phimbani lakumanja. Zala zingati?"

Bambo anayankha molimba mtima kuti, "Zitatu."

Dzanja la adokotala linali pabondo. Anali asanaliimike n'komwe.

Adokotala atawafunsa mofatsa, bambo anavomera kuti diso linada dzana m'mawa akupita kukaona fodya m'chigafa, ndipo ulendo uno silinayerenso. Sanauze amayi. Adokotala anawunika ndi katochi, kenako anandiyang'ana ine, ndipo ndinamva asanalankhule. Lakumanzere linali litapita. Anati tsopano nkhondo ndi yoteteza lakumanja, chifukwa matendawa akatenga limodzi sachedwa kulondola linzake. Anawagoneka m'chipatala n'kuwaika diripi ya mankhwala omwewo, amphamvu kuposa mapiritsi.

Ndinene msanga kuti lakumanjalo linapulumuka. Anasankha nalo fodya chaka chimenecho ndi zaka zina zingapo, akupendeketsa mutu, ndipo mapiritsi kuyambira pamenepo ndinkawapatsa a sabata imodzi imodzi, otsala ndikusunga ku Boma. Koma masana amenewo palibe ankadziwa kuti lipulumuka, ndipo ine mantha akandigwira amatulukira pakamwa.

Anamwino atangochoka, ndinaima pambali pa bedi n'kuyamba. Ndinawakumbutsa zimene adokotala ananena katatu. Ndinawafunsa ngati mutu wawo ndi munda wa mudzi wonse. Ndinati anzawo amene anawagawirawo maso awo ali nawo onse awiri, ng'ombe nayo ili nawo onse awiri, wopusa ndi ndani pamenepa? Ndinati akachita khungu adzawagwire dzanja ndi amayi a chigwirizano aja, ine asandiitane. Amayi ankandikoka chitenje kuti anthu akumva, ndipo ankamvadi. Bambo wina wa pabedi loyandikana anali ataimitsa supuni m'mwamba. Ndinalankhula zinthu zimene mwana salankhula kwa bambo ake, ndipo ndinkadziwa, koma pakamwa sipankatseka.

Bambo ankangotembenuza mutu papilo movutikira, kuupendeketsa uku ndi uku, chingwe cha diripi chikuwaletsa kugudubuka. Ndinaganiza kuti akundithawa, ndipo ndinakweza mawu. Nditaima kuti ndipume, analankhula motsitsa.

"Mayi, zungulira ubwere mbali iyi. Uko ndikungomva mawu okha, sindikukuona."

Ndinazungulira bedi lija n'kukaima kumanja kwawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zanga zamatope, n'kubwerera kunkhope, osafulumira.

"Eya," anatero. "Pitiriza tsopano."

Ndinakhala pansi pasimenti, n'kuwagwira dzanja lopanda diripi lija, ndipo ndinalira mpaka amayi anachita kundipukuta ndi chitenje chawo.